Mkanjo Umene Ndinagula pa Metangula

Linali Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Juni, 4 koloko m'bandakucha, pamene ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu ku Cobue kudikira galimoto. Lusiya, mwana wanga wa miyezi isanu ndi itatu, anali kumsana. Bambo ake anatiperekeza koma sanakhalitse, chifukwa boti limene amakwera ndi la eni ake, ndipo eni ake sadikira munthu.

Ndinkapita ku Lichinga kukafuna ntchito. Alamu anga a Veronika, alongo awo a amuna anga, amaphika pa hotela ina kumeneko. Anandiimbira foni kuti mtsikana wochapa wasiya ntchito, ndipo iwo andipemphera malowo kwa a Dona, mayi woyang'anira hotelayo. Anati ndifike Lachiwiri lomwelo a Dona asanaweruke. Ndikachedwa, Lachitatu m'mawa ndipeza pali wina, chifukwa ofuna ndi ambiri. Chaka chimenecho maukonde athu anali atabedwa, ndipo pakhomo panalibe china choyembekezera.

"Uvale zooneka," anatero a Veronika. "A Dona amayamba kuona malaya, nkhope amaona pambuyo. Ndipo kuno kukuzizira, mlamu. Kuno si kunyanja."

Diresi looneka ndinali nalo limodzi, lachikasu, la kutchalitchi. Apongozi anati ndiliike m'chikwama ndikavalire komweko. Ine ndinaganiza kuti mumzinda simukhala tchire loti munthu n'kubisalako n'kusintha, ndiye ndinalivaliratu.

Galimoto inabwera dzuwa litatuluka. Inali yotsegula kumbuyo. Tinakwera, inayenda mpaka pa tchalitchi, inabwerera kukatenga matumba a usipa. Inayendanso, inabwereranso, chifukwa motorista, woyendetsa galimotoyo, anaiwala foni. Kachitatu tinadutsa anthu omwe aja amene tinali titawatsanzika kawiri, ndipo palibe anakwezanso dzanja.

Ine ndinapeza malo pakona, nditatsamira chinthu cholimba chokulungidwa m'masaka. Lusiya ndinamuika pamiyendo. Ndinaona ngati ndachita mwayi, chifukwa ena onse analibe potsamira.

Msewu wa ku Metangula umakwera, umatsika, umakugwedeza mpaka mano. Pa kamlatho kena matabwa awiri anali atachoka. Amuna anatsika kukadula mitengo, akazi anatsala m'mwamba kumawauza kuti mitengoyo njaing'ono. Atamaliza kuika, motorista anati titsike tonse tiwoloke wapansi, iye adutse yekha. Ine sindinatsike, chifukwa ndinkaopa kuti malo anga aja angatengedwe. Ndinatseka maso, tinawoloka.

Pamudzi wina motorista anaima nati akukatunga madzi. Analowa m'nyumba ina osatenga chigubu. Mayi wina wogulitsa usipa, amayi Rozina, anati mmenemo muli mkazi wake wachiwiri, ndipo amatuluka msanga ngati ndiwo zili zamasamba. Tsiku limenelo inali nkhuku. Tinakhala padzuwa. Amayi Rozina anandigawira chinangwa chophika, ndinamuyamwitsa Lusiya, anagona, anadzuka. Motorista anatuluka akutokosa m'mano ndipo anatiuza kuti tikwere msanga tikumuchedwetsa.

Tinafika pa Metangula dzuwa lili pamutu. Nditangotsika, amayi Rozina anandigwira paphewa.

"Mwana wanga, tatembenuka."

Ndinatembenuka.

"Iii. Usatembenukenso."

Chinthu chimene ndinatsamira chija chinali injini ya boti, imene mwini wake ankapita nayo kwa makaniko. Njira yonse inkadontha oilo wakuda. Diresi linali litada kuyambira m'mapewa mpaka kuseri kwa mawondo, ndipo chitenje chimene ndinakhalira chinali chongofinya. Mwini injini anabwera kudzaona. Anayang'ana msana wanga nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti ikutayira pansi apa," n'kubwerera ku injini yake.

Lusiya sindikanamuberekanso kumsana, akanada nayenso. Ndinamumanga kutsogolo ndi chitenje chotsala, ndipo ndinapita kumsika chammbali ngati nkhanu, msana utaloza kumakoma.

Kupatula ya ulendo, ndalama imene ndinali nayo inali yogula chinthu chimodzi. Chitenje chatsopano chikanabisa oilo koma sichikanatifunditsa ku Lichinga. Juzi ikanatifunditsa koma ikanathera m'chiuno. Ndinaima pa mulu wa kalamidade, zovala za kaunjika zija, osadziwa chochita. Mwini mulu anandiyang'ana kutsogolo, anandizungulira. Anapisa dzanja pansi pa mulu n'kusolola mkanjo woyera, wautali, wokhuthala ngati thaulo. Unali ndi matumba awiri aakulu ndi lamba wansalu. Pachifuwa panali nangula wosokedwa ndi ulusi wabuluu.

"Kazako wa ku Ulaya uyu," anatero. "Jekete la azimayi a ndalama. Ku Lichinga mphepo ikakuonani izikhota yokha."

"Mabatani ali kuti?"

"Mabatani ndi a ife osauka, mayi. Olemera amangomanga."

Ndinavala. Unafika m'katumba, ndipo Lusiya analowa mkati yense, kunja kunangotsala mutu. Oilo sanaonekenso. Nangula uja ndinamukonda, ndinaona ngati ndi chinthu cha kwathu. Ndinalipira.

Pa Metangula masana sikuzizira, ngakhale mu Juni. Ndinalowa mu chapa, minibasi ya ku Lichinga, thukuta likuyenda pansi pa mkanjo. Msilikali wina wa pamadzi amene anali pampando wa pakhomo anayang'ana nangula, anayang'ana ine, anasuntha n'kundipatsa malo a pawindo. Kobradori, wotolera ndalama, anati mwana salipira, koma chovala changa chikudya malo a munthu ndi theka. Amayi Rozina, amene anakweranso ndi matumba awo, anamufunsa ngati mimba ya motorista imalipira. Nkhani inathera pomwepo.

"Tikunyamuka pompano," anatero kobradori. "Atsala awiri."

Anakwera atatu. Anati atsala awiri. Motorista ankaliza injini kuti a panja aone ngati tikupita, koma ife a mkati tinali titaleka kukhulupirira. A Veronika anaimba kufunsa ndili pati. Nditati pa Metangula, anati, "Mpaka pano? A Dona afunsa kale za iwe." Ndinkafuna kuwauza za diresi, koma foni inazima, moto unali utatha.

Tinanyamuka cha m'ma 2 koloko. Chapa inakwera phiri ikulira, nyanja inatsala kumbuyo. Pa Maniamba inaima kutsitsa munthu. Kobradori anakoka chitseko, chitseko chinachoka chonse n'kumutsalira m'manja. Anaima nacho pamsewu ngati akufuna kuchigulitsa. Motorista anati popanda chitseko sitipita, kutsogolo kuli apolisi. Tinatsika tonse. Anachimenya ndi mwala, anachinyengerera, anachitukwana. Wina anapita kukafuna waya ndipo sanabwerenso.

Kumtunda kumeneko mphepo inali itayamba. Anthu anabisa manja m'khwapa. Ine ndekha ndinali bwinobwino, ndipo poti panalibe china choyang'ana, anayamba kuyang'ana ine.

"Achemwali ndinu a kuchipatala?" anafunsa bambo wina wa chipewa.

"Ayi."

"Ndiye ndinu a kwaya?"

"Musiyeni mwana," anatero amayi Rozina. "Ndi kazako wake. Inu mukunjenjemera apa ndi chipewa chokha."

Panali madala ena, a Sitefano, ovala jekete lakale koma losita. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, ndipo kumeneko ankagwira ntchito yoperekera zakudya, poyamba pa sitima, kenako mu hotela ku Blantyre. Izi anali atatiuza kale kawiri chichokere pa Metangula. Anabwera, anapempha kugwira mkono wa mkanjo, anautikita ndi zala.

"Mdzukulu wanga, ameneyu si kazako. Uwu ndi mkanjo wosambira."

"Wosambira bwanji, madala?" anatero wa chipewa uja. "Munthu alowe m'madzi ndi bulangete?"

"Sasamba nawo. Akasamba ndiye amavala. Kuchoka kubafa kupita pabedi. Ngati pahotelapo pali dziwe, atha kuyenda nawo m'khonde mpaka kudziweko, koma mwachangu, osaima kumacheza ndi anthu. Nangula uyu ndiye kuti unachokera pa sitima zikuluzikulu za kunyanja yamchere, zimene anthu amakwera osapita kulikonse."

"Osapita kulikonse?"

"Amazungulira, amadya, n'kukatsika pomwe anakwerera."

"Ngati ife m'mawa uja," anatero amayi Rozina. "Kungoti ife sanatidyetse."

"Ndipo mkati savala kanthu," anawonjezera a Sitefano.

Onse anandiyang'ananso. Ine ndinayang'ana pansi.

"Ine ndavala," ndinatero, koma sindikudziwa ngati wina anamva.

"Lamulo lake ndi limodzi," anapitiriza a Sitefano. "Pamene pali supuni, mkanjo uwu sufikapo. Ine ndabwezapo azungu, ndabwezapo ndi bwana wina wamkulu amene sindimutchula. Ukupita kuti, mdzukulu?"

"Ku hotela."

"Kukagona?"

"Kukapempha ntchito."

"Uvule usanafike."

Amayi Rozina anawakokera pambali n'kuwanong'oneza. A Sitefano anandiyang'ana kumsana ngati angaone oilo kupyola nsalu, kenako anati, "Aa. Basi, Mulungu alipo," n'kupita kukagula chimanga chootcha.

Dzuwa linali litapendeka. Ndinkangoona a Dona akutseka chikwama chawo kuti aziweruka. Ndiye pamene kobradori anabwera nati, "Mayi, tabwerekeni lambayo," ndinamasula osafunsa. Anamangirira chitseko ku mpando, iye n'kulowera pawindo. Kuchokera pa Maniamba mpaka ku Lichinga dzanja limodzi linagwira mwana, lina linagwira mkanjo kuti usatseguke. Aliyense wofuna kutsika panjira ankayamba wamasula lamba wanga. Apolisi anaona chitseko chili pamalo pake ndipo anatilola kudutsa.

Tinalowa mu Lichinga dzuwa litatsala pang'ono. Za mphepo a Veronika sananame. Kobradori anandibwezera lamba atatalika pang'ono. Pangano linali loti ndikafika ndiimbe, a Veronika adzanditenge, koma foni inali chizimire. Ndinakwera njinga yamoto, ndinatchula dzina la hotela, ndipo wanjingayo ananditsitsa pakhomo lakutsogolo, lagalasi.

Ndinali ndisanaganize chonena. Mlonda anaimirira, anandilonjera m'Chipwitikizi ngati mlendo wa pahotela, anati, "Boa tarde, senyora," n'kunditsekulira chitseko. Chibadwire panalibe mwamuna amene ananditsekulirapo chitseko. Kukana kunali kovuta kuposa kulowa, ndiye ndinalowa. Mtsikana wa patebulo lolandirira alendo anamwetulira, anayang'ana mkanjo, anamwetuliranso koma pang'ono. Ndinaganiza kuti a Veronika ali kumene kukuchokera fungo la anyezi, ndipo ndinalitsatira. Linandifikitsa m'chipinda chachikulu chodyeramo.

Woperekera zakudya anakoka mpando. Ndinadikira kuti akhale, koma anangougwira n'kumandiyang'ana. Ndinakhala. Patsogolo panga panali masupuni awiri, yaikulu ndi yaing'ono. Ndinaika manja m'matumba.

Pasanapite nthawi kunabwera mayi wamfupi wa magalasi. Anawerama pafupi ndi khutu langa n'kuyamba kulankhula Chipwitikizi chofewa. Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, koma ndinamva zokwanira. Ankati akupepesa kwambiri, mkanjo umenewu ndi wa kuchipinda ndi kudziwe, kodyera kuno amapempha alendo kuti avale zovala. Ngati senyora watopa, chakudya atha kumutumizira kuchipinda. Chipinda chake ndi nambala chani?

"Ndachokera ku Cobue," ndinatero m'Chinyanja. "Ndabwerera ntchito yochapa ija."

Mayiyo anaweramuka pang'onopang'ono. Pakhomo la kukhitchini ndinaona a Veronika atagwira chipande. Anandiona, anaona amene ndinkalankhula nawo, anabwerera mkati chambuyo. Ndi mmene ndinadziwira kuti awa ndiwo a Dona.

"Iwe ndiwe mlamu wake wa Veronika," anatero a Dona. Tsopano chinali Chinyanja, ndipo munalibe kupepesa. "Wakuveka ndani chimenechi?"

"Kuzizira, mayi."

Asanayankhe, kunamveka patapata, phwa phwa phwa. Analowa bambo wamkulu thupi, tsitsi lonyowa, atavala mkanjo woyera ngati wanga, kungoti wake sunakumane bwino pamimba. Miyendo inali pamtunda. Anakhala patebulo lapakati n'kuitanitsa mowa. A Dona anausa moyo, anabwezera nkhope yofewa ija, anapita kukawerama pakhutu pake.

Bamboyo sananong'one. Anandiloza ndi foloko nati nanga uyo? Anati iye walipira chipinda, ndipo ngati lamulo lilipo likhale la onse. Kenako anaseka, anakweza mawu kuti matebulo onse amve, nati senyora uyo ayambe wavula wake pompano, iyenso avula wake.

Matebulo onse anatembenukira kwa ine. A Dona anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ine ndine munthu woti kutchalitchi ndimakhala kuseri kwa chipilala. Pa ukwati wanga womwe abusa anandifunsa kawiri chifukwa sanamve. Ndinkadziwa chimene chili kumsana kwanga. Ndikanatha kutuluka nditavala choncho, kudutsa mlonda uja, n'kumapita mpaka ku Cobue kukawauza apongozi kuti ndinachedwa.

Ndinaimirira. Ndinamasula lamba. Mayi wina patebulo lapafupi anaphimba maso a mwana wake. Ndinavula mkanjo, ndinaupinda bwinobwino, manja ake mkati, n'kuuika pamkono. Kutsogolo diresi linali lachikasu, loyera ngati la pa Pasaka. Lusiya anamva mphepo n'kuyamba kulira.

Matebulo anatembenukira kwa bambo uja. Iye anayang'ana diresi langa, anayang'ana mawondo ake, anakoka mkanjo kuti ukumane pamimba. Sunakumane. Anadzuka, anatenga botolo lake, phwa phwa phwa mpaka kumasitepe.

"Tiye," anatero a Dona, n'kundilozera khomo la kukhitchini.

Ndinatsogola. Chipinda chonse chinaona msana wanga. Palibe anaseka mokweza, koma wina anatsamwa.

Kuseri kwa khitchini a Dona anandizungulira. A Veronika anali pafupi, akudula anyezi amene anali wodula kale.

"N'chiyani chimenechi?"

"Oilo wa injini ya boti."

"Achoka?"

Ndinkafuna kunena kuti inde. Ndinali nditabwerera ntchito yochapa. Koma oilo wa boti ndimamudziwa.

"Sachoka, mayi. Angochepa."

"Hm. Mtsikana wapitayo akanati inde, n'kundithera sopo sabata yonse." Anatenga mkanjo pamkono panga, anautambasula, anayang'ana nangula, anaupima ndi dzanja. "Si wathu. Yathu ndi yopyapyala." Anandibwezera. "Mawa 6 koloko, khomo la kumbuyo. Ndikuyesa sabata imodzi. Chimenechi chisadzafikenso pageti panga."

Atachoka, a Veronika anaika mpeni pansi n'kumutenga Lusiya.

"Mlamu, zaka zonsezi ine pampando uja sindinakhalepo. Iwe tsiku loyamba lomwe. Anakupatsa chiyani?"

"Palibe."

"Ukanaitanitsa nkhuku. Manyazi ake anali omwewo."

Mawa lake ndinadzuka kusanayere. Ndinavala diresi la a Veronika, limene likanalowa anthu awiri. Lusiya ndinamukulunga mu mkanjo n'kumusiya kwa amayi a nyumba yoyandikana, amene amalera ana a anthu apantchito. Ndinayenda mano akugundana mpaka kukhomo la kumbuyo. Mayi wa kochapira sanafunse dzina. Ananditula mulu wa mikanjo yoyera yongochoka pa nsimbi, nati ndikapachike umodzi kuseri kwa chitseko cha bafa lililonse. Ndinakwera nawo masitepe pang'onopang'ono, manja onse awiri nditawalowetsa mkati mwa muluwo, mpaka zala zinayambanso kumva.